Mafuta a Mbuzi pa Chingwe cha Magetsi

Chinali chaka cha 1970, ine ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Tinkakhala m'komboni ya mgodi wina waung'ono wa golide kunja kwa Kwekwe. Dzina lake sinditchula. Unatsekedwa kalekale, lero kwatsala maenje ndi anyamata okumba okha aja timati makorokoza. Bambo anga anamwalira ndili khanda, mayi anakakwatiwa ku Bulawayo, choncho ndinaleredwa ndi makolo a bambo.

Ndikawakumbukira agogo anga aamuna, Che Bwanali, chimayamba kufika m'mphuno ndi fungo la sopo wa mtanda, ndere za m'damu ndi mphira pamene dzuwa laotcha tsiku lonse, kenako m'makutu mumabwera kugunda kwa chigayo cha miyala chomwe chinkapuma Lamlungu lokha, chomwe chinawagonthetsa khutu la kumanzere. Anabwera wapansi kuchokera ku Nyasalandi ali mnyamata. Anagwira pansi pa mgodi mpaka chifuwa chinawakana, ndiye anawaika pa pampu ya kudamu. Pamenepo anakhalapo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo madzi sanaimepo chifukwa cha iwo. Sankaseka kawirikawiri. Sankabwereza mawu.

Pampuyo inkakhala pa bwato. Timati bwato, koma inali migolo isanu ndi umodzi yomangidwa ndi zitsulo, pamwamba matabwa, yokocheza ndi tcheni chapafupi ndi gombe. Kumtunda kunali kanyumba ka njerwa kokhala ndi swichi. Kuchokera m'kanyumbamo munkatuluka chingwe cha magetsi chakuda, chonenepa ngati mkono wanga wa nthawi imeneyo. Chinkatsika pa mtsetse, n'kudutsa m'bango, n'kukwera pa timigolo toyandama mpaka kukalowa pa bwato. M'mawa uliwonse agogo ankavula majombo, n'kupinda buluku, n'kulowa m'madzi ofika m'chiuno kuti akachotse zinyalala pa sefa ya pampu ndi kuthira oyilo. Ankatero pampu ikulira, chifukwa ankati matenda a makina amamveka makinawo ali maso.

Lachinayi lililonse masana ankatsuka chingwe, ndipo ine ndikaweruka kusukulu ndinkapita nawo. Ankazimitsa swichi, n'kukhoma kanyumba, kiyi n'kumupachika m'khosi. Akatero ankazula pulagi, tonse awiri n'kukokera chingwe pa udzu. Ine ndinkapita patsogolo ndi ndowa ndi sopo, kuchotsa matope, ndere ndi zitosi za mbalame. Iwo ankabwera pambuyo ndi nsanza youma, akuchipapasa ndi zala pang'onopang'ono, maso atatsinzina, ngati akufuna minga m'phazi la mwana. Mano atatu amkuwa a pulagi ankawakwecha ndi phulusa ndi ndimu mpaka ayere, n'kuwaumitsa padzuwa. Pomaliza ankavundikira polumikizira paja ndi chidutswa cha tayala kuti mvula isalowe.

Lamulo lawo linali limodzi.

"Sopo ndi madzi. Basi."

Sindinafunse chifukwa chake. Masiku amenewo mwana sankafunsa chifukwa.

Idi ya nsembe itangodutsa, kunabwera uthenga woti mng'ono wa agogo aamuna wamwalira pa famu ina chakufupi ndi Gweru. Kwathu maliro sagona, choncho ananyamuka m'mawa wa Lachinayi lomwelo ndi lole ya malasha, ndipo anati akhala mpaka sadaka ya tsiku lachitatu ithe. Kiyi anamusiyira Sibanda, bambo wina wachindebele yemwe ankayatsa pampu mbandakucha. Sibanda anali wansangala, Chinyanja cha m'komboni ankachithyola bwino, koma madzi ankawaopa ngati mphaka. Kwa ine agogo anangoti:

"Yusufu, chingwe. Ukudziwa."

Ndinamva ngati andiveka yunifomu.

Masana Sibanda anazimitsa, anazula pulagi, anandithandiza kukoka, kenako anakakhala pamthunzi n'kupichira fodya. Ndinatsuka. Ndinapukuta. Chitauma ndinachiyang'ana ndipo sichinandisangalatse. Mbali ya kumtunda, yomwe inkapsa ndi dzuwa, inali yotuwa mbuu ngati miyendo ya mwana wosadzola.

Kunyumba kwathu chinthu chotuwa chinali ndi mankhwala ake. Pa Idi mabanja achisilamu a m'komboni ankasonkherana n'kuzinga mbuzi, ndipo agogo aakazi ankasungunula mafuta ake n'kuwathira m'chitini. Mafuta amenewo ankagwira ntchito chaka chonse. Tinkapaka majombo a agogo, lamba, chishalo cha njinga, ming'alu ya kumapazi. Chilichonse chouma ndi chong'aluka chinkafewa nawo. Chitini cha chaka chimenecho chinali chodzaza, cha masiku atatu okha.

Ndinathamangira kunyumba. Agogo aakazi anali kuseri akudyetsa abakha awo.

"Amunanga, mwabwera kudzadya kapena kudzaba?"

Ankanditchula choncho kuyambira ndili wamng'ono, pofuna kupsetsa mtima agogo aamuna.

"Ndayiwala nsanza, agogo."

Chitini ndinachibisa m'malaya. Ndinapaka chingwe kuyambira pakhomo pa kanyumba mpaka kupyola m'bango, ndi manja anga awiriwa, osasiya ngakhale pamene chimagona pansi. Mafuta anatha theka. Chingwe chinada bii, chikunyezimira. Sibanda anadzuka n'kuimba mluzu.

"Hawu, mfana! Chawala ngati nsapato za manijala. Madala akabwera akupatsa mkazi."

Tinachibwezera, anayatsa, pampu inalira. Ndinapita kunyumba ndikuyenda ngati kapitawo.

Lamlungu mgodi unkapuma ndipo pampu inkazimitsidwa. Ndinapita kudamu ndekha kukaonanso ntchito yanga. Ndisanafike m'bango ndinaona timanyi takuda tambirimbiri pa udzu, ndi nyerere zili mzere. Ndinagwada. Makoswe anali atabwera kuphwando. Ananyambita mafuta, ndipo atatha anapitiriza ndi mano. Malo atatu khungu la chingwe linali litadyedwa, ndipo pamodzi, pafupi ndi chikhomo chomwe agogo anakhoma poyezera madzi, mkuwa unkaoneka, wofiira ngati chilonda.

Ndinakhala pansi nthawi yaitali. Ndikanatha kupita kwa Sibanda, nyumba yake inali mzere wachitatu kuchokera pa yathu. Sindinapite. Ndinaopa lamba wa agogo, koma kuposa lambayo ndinaopa nkhope yawo. Ndinapita kudzala, ndinatola chubu chakale cha njinga, ndinachilenga timizere ngati ta legeni, n'kukulunga malo atatu aja mwamphamvu, n'kumanga mfundo. Ndinadziuza kuti mphira ndi mphira. Ndinadziuzanso kuti malowo ali pouma, mapazi anayi kuchokera m'madzi, ndipo Lachinayi ndidzapeza njira yowauzira.

Lolemba madzulo agogo anafika, fumbi la malasha lili m'ndevu. Anasamba, anaswali, anadya. Atasamba m'manja ananditembenuzira khutu lawo labwino lija.

"Chingwe?"

"Chili bwino, agogo."

"Unapukuta mano?"

"Ndinapukuta."

Anagwedeza mutu kamodzi. Kwa iwo kumeneko kunali kuyamika kwakukulu, ndipo kunandiwawa kuposa lamba.

Mvula inali itadula milungu iwiri. Tsiku limenelo inabwerera, ndipo inagwa mpaka kucha. M'mawa wa Lachiwiri agogo ananyamuka ndi kabotolo kawo ka oyilo kulowera kudamu, ine ndinatenga sileti kulowera kusukulu. Njira ya kusukulu inkaoloka kamtsinje komwe kankathira m'damu lija. Nditafika ndinapeza ana anzanga ataima. Thabwa lomwe tinkaolokera silinkaoneka, madzi ofiira ankadutsa pamwamba pake akukokolola mapesi ndi nthambi. Anzanga ankakondwa kuti lero kulibe masamu.

Ine ndinayang'ana madziwo, ndinayang'ana komwe ankapita. Madzi onsewa usiku wonse. Mapazi anayi. Huta, lipenga la mgodi la sikisi koloko, inali italira kale, ndiye kuti Sibanda anali atayatsa. Ndipo sefa inali isanachotsedwe zinyalala masiku asanu, chifukwa Sibanda sankalowa m'madzi. Agogo akafika, choyamba chinali kuvula majombo.

Sileti sindikudziwa komwe inagwera. Ndinathamanga kudutsa m'minda ya chimanga ya m'mbali mwa komboni, masamba akundicheka kumaso, matope akundigwira m'mapazi, ndinadumpha waya wa mgodi womwe ana sitinkaloledwa kuufika, mlonda anakuwa kumbuyo kwanga ndipo sindinacheuke. Ndili pamwamba pa mulu wa mchenga wa mgodi ndinaliona damu. Bango linali litamira mpaka m'khosi. Chikhomo choyezera madzi kunalibe. Pampu inkalira.

Agogo anali pa mwala wafulati womwe ankalowerapo. Majombo anali atawaika pambali, oyang'ana kumodzi monga mwa masiku onse. Mwendo umodzi wa buluku anali atapinda, akupinda wachiwiri.

"Agogo! Musaponde madzi! Agogo!"

Anali atandipatsa khutu logontha, ndipo chigayo chinkagunda. Anawongoka, anatola kabotolo ka oyilo. Ndinatsika mulu uja ndi matako. Sindinaitanenso, mpweya unali utatha. Ndinawagwira lamba cha kumbuyo ndi manja onse awiri n'kudzigwetsa chagada. Tinagwera limodzi m'matope, iwo pamwamba pa ine, kofia yawo yoyera uko.

Chibadwire ndinali ndisanawagwirepo thupi popanda kutumidwa.

Anadzuka pang'onopang'ono. Anatola kofia, anaiyang'ana, anandiyang'ana.

"Wapenga? Kapena sukulu yapsa?"

"Muli moto m'madzimo."

"Moto wa chiyani?"

Apa ndiye panali povuta. Kuthamanga kunali kosavuta. Ndinanena nditagwada, maso ali pa zala zawo za kumapazi.

"Ndinapaka chingwe mafuta a mbuzi. Makoswe adya. Mkuwa uli pamtunda. Ndinakulunga ndi chubu. Pamene ndinakulungapo pamira."

"Unaona liti?"

"Lamlungu."

"Dzulo ndinakufunsa."

"Munandifunsa."

Anayang'ana mwala wonyowa uja, kenako mapazi awo.

"Ndiye chimene chimandinyerenyetsa m'zidendene. Ine ndimati ndi nyamakazi."

Kenako anakuwa ndi mawu omwe sindinkadziwa kuti chifuwa chawo chikadali nawo:

"Sibanda! Vala! Vala manje! Zimitsa!"

Sibanda anatuluka m'kanyumba ndi kapu ya tiyi, anaona nkhope yawo, anabwerera mothamanga. Pampu inatsokomola n'kukhala chete.

Agogo anakhoma kanyumba okha, kiyi m'khosi, ndipo anadikira kaye ngakhale swichi inali yozimitsa. Kenako tinakoka chingwe atatu. Chubu changa chinali chitamasuka, madzi akutuluka m'kati ngati m'nsungwi. Atachitembenuza ndinaona zomwe sindinazione Lamlungu. Kunsi, komwe chinkagona pansi, kunali mabala ena asanu ndi awiri. Limodzi linali lotalika ngati chala, mkuwa wake utada ndi kupsa. Agogo anaika chala chawo pamenepo, anachisiya nthawi yaitali, milomo ikuyenda. Ndikudziwa kuti ankathokoza Mulungu, chifukwa mawu otukwana sankawanena chamumtima.

M'bango munali mutayandama milamba, mimba zili m'mwamba. Chapatali pang'ono panali abakha atatu a agogo aakazi, omwe m'mawa uliwonse ankatsikira kudamu okha. Makosi anali m'madzi.

Sibanda anagwira mutu. Kenako anaganiza.

"Madala, abakhawa inu simudya, eti? Sanazingidwe."

"Ndi nyamafu. Tenga."

"Ndiye mfana, Lachinayi likubwerali udzapakenso."

Agogo anamuyang'ana, ndipo Sibanda anapita kukafuna mtengo wokokera abakha.

Madzi ataima kuchigayo, mzungu woyang'anira magetsi anabwera pa galimoto. Ananunkhiza chingwe, anapaka chala, anafiira. Anafunsa m'Chilapalapa, chinenero cha pamgodi, kuti wapaka mafuta ndani. Ine ndinatsegula pakamwa. Dzanja la agogo linatera paphewa panga, lolemera ngati njerwa.

"Mina, bwana. Ndine."

Mzunguyo sanakhulupirire. Anandiyang'ana, anayang'ana Sibanda, anafunsanso. Agogo anayankha chimodzimodzi, ataima chilili, kofia yamatope ili kumutu. Mwana wa m'komboni akaononga katundu wa mgodi, banja lonse linkapatsidwa tsiku limodzi lolongedza. Ife tikanapita kuti? Kumudzi kwa agogo kunali kutawaiwala, ine sindinkakudziwa n'komwe. Wantchito wakale akalakwa ankangomutsitsa. Agogo ankadziwa zimenezi, ine ndinazimva nditakula.

Mzunguyo anatambasula dzanja. Agogo anavula chingwe cha kiyi m'khosi n'kumupatsa. Kuyambira mawa lake anawapatsa tsache ndi wilibala, kusesa misewu ya m'komboni. Pa pampu sanabwererenso.

Tinabwerera kunyumba dzuwa lili pamutu, iwo patsogolo, ine pambuyo nditanyamula majombo awo. Ndinkadikira kuti tifike pa mtengo wa mthethe wa panjira, pomwe akanathyola mkwapulo. Tinaudutsa. Tili pafupi ndi mzikiti anaima osatembenuka.

"Za mafuta ndi mlandu wanga. Ndinakuuza chochita, sindinakuuze chifukwa. Mafuta amaitana makoswe, oyilo amafewetsa mphira n'kuiwoletsa. Ndikanakuuza kalekale."

Ndinali ndisanawamvepo akuvomera kulakwa, ngakhale kwa shehe.

"Koma dzulo ndinakufunsa. Umenewo ndi wako. Usenze wekha."

Sanandimenye tsiku limenelo kapena lina lililonse pa nkhaniyi. Ndikanakonda akanandimenya.

Amene anandimenya ndi agogo aakazi. Anali atawerenga kale abakha, atamva komwe apita, ndipo anali atapeza chitini. Anandidikira pakhomo ndi mthiko.

"Ukwati watha, amunanga! Mafuta anga mwadyetsa makoswe, abakha anga mwadyetsa Mndebele! Wamkazi uja amaikira!"

Anandikwapula kawiri m'miyendo. Agogo aamuna anakhala pa mpando wawo n'kunena mawu ochepa m'Chiyao, chinenero chomwe awiriwo ankayankhula akafuna kuti ndisamve. Mthiko unagwa. Agogo aakazi anayang'ana miyendo ya amuna awo, buluku likadali lopinda, matope mpaka m'maondo. Anakhala pansi pakhomo pomwepo n'kuphimba nkhope ndi mpango. Atadzuka anatenthetsa madzi, anawasambitsa mapazi okha, n'kuwapaka mafuta otsala aja m'zidendene. Kwa ine anandipatsa tiyi wa shuga wambiri, osandiyang'ana.

Sukulu ndinalekezera chaka chotsatira. Ndinalowa ntchito yonyamulira amisiri a magetsi zida, ndipo ndinagwira m'migodi itatu zaka makumi atatu ndi zisanu. Pepala ndilibe, koma amisiri a mapepala ankandiitana akasowa pogwira. Palibe munthu anapsa pa waya womwe ndinalumikiza ine. Wophunzira aliyense yemwe anadutsa m'manja mwanga ndinkamuuza chochita, n'kumuuza chifukwa chake, kamodzi. Wolakwitsa n'kunena ndinkamukhululukira. Wobisa ndinkamuthamangitsa tsiku lomwelo.

Masiku ano ndikakwera kombi kudutsa cha kumigodi yakale ya ku Gaika ndimaona anyamata atatsitsa mapampu m'maenje odzaza madzi, mawaya olumikiza ndi mapepala a buledi, iwo ali osavala nsapato. Ndimatsika n'kuwauza. Ena amaseka, amati sekuru, ndiye kuti agogo, akalamba. Ena amazimitsa jenereta n'kumvera. Ndimanena kamodzi n'kukwera kombi ina.

Zomwe zinatayika tsiku lija ndimazidziwa pamtima. Chingwe mayadi makumi awiri, anachidula n'kuchitaya. Madzi a kuchigayo tsiku limodzi ndi theka. Abakha atatu, mmodzi woikira. Milamba khumi ndi inayi, Sibanda anawerenga. Theka la chitini cha mafuta. Sileti imodzi. Kiyi wa kanyumba, ndi ntchito ya zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.

Agogo mulibemo m'chiwerengerochi. Anasesa komboni zaka zina khumi ndi chimodzi, misewu yake inali yoyera kuposa ya kumayadi, ndipo anafera pamphasa pawo ali ndi mano m'kamwa. Anawasambitsa ndine.